Chaka Chimene Maneti Anapita ku Khola

Pa maliro a apongozi anga aamuna, aMbewe, mkulu wa mpingo amene anawerenga mbiri yawo anatchula zambiri: kuti anabadwira ku Katete, kuti anabwera ku Kafue ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, kuti asiya ana anayi ndi zidzukulu. Pa za mahatchi ananena mawu awiri okha, akuti "ankawetanso ziweto," n'kupitirira. Mwana wanga Tisa, amene tsopano ali ndi ana ake, anandikodola n'kunong'ona kuti, "Amama, ziweto monga ni nkhuku?" Tinaseka pansi pa chitenje, pamaliro pomwepo. Papita mwezi tsopano koma mawu aja akundiwawabe. Ndinakhala pa famu ya aMbewe zaka khumi ndi zinayi, ndipo munthu amene anawerengedwa tsiku lija sindinamuzindikire.

Anali aafupi, a miyendo ya matewe, ndipo fungo la hatchi silinkawachoka ngakhale asambe ndi sopo wotani. Moni wawo woyamba wa tsiku sunali wa munthu. Kunja kukangoyera ankalowa m'khola n'kuyambira pa hatchi ya kumapeto: dzanja pakhosi, dzanja kumimba, kenako kukweza chiboda chilichonse n'kuchotsa timiyala ndi msomali wopinda umene unkakhala m'thumba la ovolosi. Akatero ankanjuta n'kuyang'ana ndowe. Ankaziphwanya ndi kamtengo, nthawi zina n'kuzinunkhiza. Nditangofika kumene pa famupo zimenezi zinkandinyansa. Iwo ankati munthu ukamufunsa kuti wadzuka bwanji amayankha kuti bwino ngakhale akufa, koma ndowe za hatchi sizidziwa ulemu. Tiyi ankamwa mahatchi atadya, kaya ndi Khirisimasi, kaya pabwera alendo.

Mawu awo sankakwera. Zaka zonsezo sindinawamvepo akukalipa. Akakwiya ankalowetsa manja m'matumba, chifukwa ankati hatchi imamva mkwiyo m'manja mwa munthu isanaumve m'mawu ake, choncho wokwiya asagwire chamoyo chilichonse mpaka mtima utatsika. Mwamuna wanga Limbikani, amene ndi mwana wawo woyamba, amati ali wamng'ono sanamenyedwepo, koma akaona manja a atate ake alowa m'matumba ankalakalaka akanangomenyedwa.

Ku Nangongwe, kumene ine ndinakulira, ankawatcha Ba Mahatchi. Anthu sankamvetsa kuti munthu wakuda aweta bwanji chinthu chosadyedwa, chosakamidwa, chosalima. Achinyamata a kutchalitchi kwathu, kumene timapemphera mokweza, anandiuza kuti mdala ameneyo amalankhula ndi nyama, ndipo zimenezo n'za mizimu. Mmodzi wa iwo, m'bale wolimba mtima, anabwera ndi Baibulo kudzapempherera khola. AMbewe anamulandira bwino, n'kumupatsa bulashi.

"Pempherani, mwana wanga," anatero. "Koma dzanja linalo lizipesa. Yambirani pakhosi, muzitsata kumene ubweya wagonera."

M'bale uja anapesa mpaka masana. Pambuyo pake ankabwera Loweruka lililonse, wopanda Baibulo.

Ntchito ya njanji aMbewe anagwira zaka zinayi zokha. Kenako analowa pa famu ya mzungu wina kutsidya la mtsinje, kumene anasamala mahatchi zaka pafupifupi makumi atatu. Mzunguyo pochoka anawasiyira zazikazi ziwiri ndi kamphongo kamodzi, ndipo iwo anabwera nazo pa kamalo kawo kuseri kwa njanji, m'mbali mwa dambo. Pamenepo ndi pamene panayambira khola. Hatchi iliyonse ankaipatsa dzina la siteshoni ya sitima. Yamphongo inali Choma. Panali Monze, panali Kalomo. Ndiye panali Pemba, yaikazi yofiirira, ya banga loyera pamphumi, imene ana ake ankalimbiranidwa ndi alimi a ng'ombe a ku Mazabuka asanabadwe n'komwe.

Apongozi anga aakazi, aNabanda, ankati iwo ndi mkazi wamng'ono, wamkulu ndi Pemba. Ankakangana ndi amuna awo pafupifupi sabata iliyonse. Gaga yense wa kuchigayo ankapita ku khola, nkhuku zawo n'kumatola za pansi. Mwezi wa Juni bulangete labwino linkasowa pabedi n'kukapezeka pamsana pa kahatchi kobadwa kumene. ANabanda ankalankhula mpaka mawu kusasa, amuna awo ali phee, manja m'matumba. Koma manyowa a m'khola ankatuta okha ndi wilibala, ndipo repu ndi tomato za m'dimba mwawo zinkatha msanga pa msika kuposa za wina aliyense. Izi pokangana sankazitchula.

Ife tinafika pa famupo chifukwa cha nthawi. Zinali zaka zimene makampani a boma ankagulitsidwa, salaula, zovala zakale zochokera kunja, atadzaza m'misika, mafakitale a Kafue akuchotsa anthu mwezi ndi mwezi. Limbikani anachotsedwa ku fakitale ya nsalu, nyumba yathu ya m'tauni ku Estates tinaisiya, ndipo tinabwera ndi katundu wathu pa thirakitala ya munthu, Tisa ali ndi zaka zitatu. AMbewe anatipatsa nyumba ya zipinda ziwiri imene kale ankasungiramo udzu wouma. Sipanapite miyezi iwiri bambo ndi mwana anayambana.

"Atate, nchito zasila," anatero Limbikani tsiku lina atakhala pansi pa mtengo wa mango. "Manje aliyense azionera yekha. Tigulise Choma, tigule minibasi. Kafue–Lusaka, Kafue–Lusaka, tsiku lililonse tizadya."

"Minibasi imabereka?" anafunsa aMbewe.

"Hatchi tingadye?"

"Sukulu yako yonse unadya chiyani?"

Nkhani inathera pomwepo, koma Limbikani anakhala mwezi wathunthu osaponda ku khola. Chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti atate ake ankabweza ogula. Munthu akabwera kudzaona hatchi, iwo sankayang'ana nsapato zake kapena galimoto yake, ankayang'ana mmene akuyandikira nyamayo. Bwana wina wa ku Lusaka, wa galimoto yaikulu, anamenya Monze pamphuno ndi makiyi chifukwa inanunkhiza malaya ake. AMbewe anangotsogolera hatchiyo m'khola, n'kubwerako, n'kuuza bwanayo mwaulemu kuti pepani, ayiwala, mahatchi onse analonjezedwa kale kwa ena. Madzulo a tsiku limenelo tinadya nshima ndi masamba a maungu opanda mafuta.

Ine ndi aMbewe tinkalankhulana pang'ono, monga mwa mwambo. Ndikawapatsa madzi ndinkagwada chapatali, iwo n'kuyankha akuyang'ana kumbali. Ankanditcha amake Tisa. Kamodzi kokha ndinaima pamaso pawo chilili n'kukweza mawu, ndipo nkhani yake ndi iyi.

Chaka chachiwiri chikhalireni ife pa famu, mvula inachuluka. Dambo linadzaza mpaka kumpanda. Cha mu Febuluwale tinamva kuti matenda a mahatchi agwa m'mafamu a kutsidya. Matendawa amabwera ndi tizilombo touluka, tating'ono kuposa udzudzu, timene timaluma dzuwa likamalowa mpaka m'mawa. Hatchi imatupa pamwamba pa maso, imavutika kupuma, imatuluka thovu m'mphuno, n'kufa. Kale katemera wake ankabwera ndi alangizi a ziweto, koma nthawi imeneyo aliyense ankadzifunira yekha. AMbewe anapita ku Lusaka kawiri ndi kabokosi ka ayezi, kawiri konse anabwera nako kopanda kanthu. Anayamba kutsekera mahatchi dzuwa likadali m'mwamba, kufukiza ndowe zouma pakhomo la khola, kutchinga mazenera ndi masaka. Komabe Kalomo anadwala Lachiwiri, Lachisanu n'kufa.

Sabata imeneyo ndinabwera kuchokera ku msika, kumene ndinkagulitsa salaula, n'kupeza pamwamba pa bedi pathu pali zingwe zokha. Neti imene tinkagonamo ndi Tisa panalibe. Limbikani anali ataichotsa yekha atauzidwa ndi atate ake. Ndinapita kwa aNabanda.

"Amai, neti yathu ili kuti?"

"Kafunse mkazi mnzanga ku khola," anayankha osatukula mutu. "Yanganso ili komweko."

Ndinakapeza maneti onse atatu a pamudzipo atakhomedwa m'mazenera a khola, opindidwa kawiri kuti mabowo achepe, akununkha mankhwala a dibi. Limbikani anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Akamba ati ni masabata awiri chabe, mpaka mvula ichepe. Tizafukiza mu nyumba. Osayamba nkhani, tili pa malo ya bene, si pathu pano."

Ndipo sindinayambe nkhani. Ichi n'chimene sindinauzepo munthu aliyense. Ndikanatha kutenga mwana n'kupita naye kwa amayi anga ku Nangongwe, koma ndinaopa kuti anthu anena kuti ukwati wavuta. Ndinkafukiza masamba a bulugamu madzulo, n'kumamufunditsa Tisa chitenje mpaka kumutu, iye n'kumachitaya chifukwa cha kutentha.

Patapita masabata awiri thupi lake linatentha. Ndinamupatsa panado. Tsiku lachiwiri, cha m'ma folo koloko, ndikumumwetsa phala, maso ake anatembenuka, manja anauma, thupi lonse linayamba kugwedezeka. Limbikani anali m'tauni kufunafuna ganyu. Msewu wathu unali utaduka pa kamlatho, ndipo minibasi zinali zitasiya kufika kuno kwa sabata yathunthu. Ndinanyamula mwana n'kuthamangira ku khola, kumene aMbewe ankatseka zitseko. Sindinagwade.

"Atate, onani! Onani mwana! Mahatchi anu agona mu neti, mwana wanga adyewa na udzudzu. Akafa muzamuika mwamene muno mu khola?"

Anayandikira, n'kuika dzanja pakhosi pa Tisa monga ankachitira ndi mahatchi, n'kukweza chikope chake ndi chala. Kenako anati, "Masulani chitenje chanu, amake Tisa." Anatembenuka n'kutsegula chitseko cha Pemba.

ANabanda anali atafika, mpeni wa ndiwo uli m'manja. "Bambo, dzuwa likupendeka. Ndipo hatchiyo ili ndi bere."

"Ndikudziwa."

Panalibe ina yoti akwere. Choma anali waukali, sakanalola mwana pamsana pake. Monze ankatsimphina. Zotsalazo zinali zazing'ono, zosakweredwapo. Chishalo sanaike, poopa kuti lamba wake afinya mimba, anangoyala saka. Anakwerera pa chitsa, ine ndinawapatsira mwana, aNabanda anamumangirira pachifuwa pawo ndi chitenje changa. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi. Chikhalireni pa famupo ndinali ndisanawaonepo akuthamangitsa hatchi, ankati liwiro n'la anyamata ofuna kuonedwa. Tsiku limenelo anadutsa m'dambo madzi akuthovoka mbali zonse, anakwera mtunda wa njanji, n'kulunjika ku tauni motsatira njanjiyo mpaka tinasiya kuwaona.

Ine ndi aNabanda tinatsatira wapansi, matope mpaka m'mawondo. Pofika ku chipatala kunja kunali kukuchita chisisira. Choyamba kuona chinali gulu la anthu atazungulira mtengo, akudabwa hatchi pakati pa tauni. Pemba anali atamangidwa pamenepo, thupi lonse lili chonyowa, miyendo ikunjenjemera, tizilombo tili mtambo pamwamba pake. AMbewe anali atavula jekete n'kumufunditsa pamsana. Ankakupiza ndi nthambi, koma nkhope yawo inali ku chitseko cha wodi.

Nesi anandiuza kuti ndi malungo aakulu, mwana wabayidwa kale jekeseni ndipo ali pa diripi, ndisalire. Anandifunsa ngati mdala wa hatchiyo ndi atate anga, chifukwa analowa ndi nsapato zamatope mpaka pa tebulo la adokotala, osaima pamzere, osapempha. Nditamuona Tisa akupuma bwino ndinatuluka. Apa ndinagwada.

"Atate, bwererani nayo. Izalumiwa."

"Ndimve kaye kuti watsegula maso."

Tisa anatsegula maso m'mawa mwake. AMbewe anamuona, anagwedeza mutu, n'kuyamba ulendo wobwerera, iwo wapansi, hatchi akuikoka pang'onopang'ono pambuyo.

Mwana anatuluka m'chipatala patapita masiku anayi. Patapitanso masiku ena anayi, timaenje ta pamwamba pa maso a Pemba tinadzaza n'kutupa. AMbewe anaona m'mawa, anatuluka m'khola, anakhala pa chitsa chija nthawi yaitali. Kenako anayamba kuchita zonse zimene ankadziwa: madzi ofunda, nsalu yonyowa pamutu, phala la gaga limene Pemba sanalinunkhize n'komwe. Tsiku lachitatu thovu linatuluka m'mphuno, ndipo anafa dzuwa likutuluka, mwana ali m'mimba. Dzenje anakumba awiri, aMbewe ndi Limbikani, tsiku lonse, osalankhulana. Amene analira mokweza ndi aNabanda. Anakhala pansi pakhomo la khola, miyendo ili tambalale, n'kumalira ngati wamwalira m'bale wawo.

M'mawa wotsatira ndinapeza mpando pakhomo pathu. Pampandopo panali neti yathu, yochapidwa mpaka fungo la dibi litatha, mabowo a misomali atasokedwa ndi ulusi wakuda wosokera zishalo. Mvula inali isanathe, ndipo m'khola munali mahatchi ena anayi.

Palibe amene angadziwe ngati Pemba analumidwa pa mtengo wa kuchipatala kapena m'khola momwemo, neti zili pamazenera. Palibenso angadziwe ngati Tisa akanapulumuka malungo atagona mu neti, poti ana ambiri anadwala chaka chimenecho. Ndakhala ndikudziuza zonse ziwiri, malinga ndi tsiku. Masiku ena ndinkawaona akudutsa ndi ndowa, mtima n'kuwira, ndikakumbukira kuti munthu ameneyu anayeza mwana wanga ndi nyama n'kusankha nyama. Masiku ena ndinkakumbukira mmene anatsegulira chitseko chija, osaima ngakhale pang'ono kuti aganize.

Khola silinabwererenso mwakale. Ana a zazikazi zinazo anali abwino, koma alimi a ku Mazabuka ankafuna magazi a Pemba, ndipo anayamba kubwera mwa apo ndi apo. Za minibasi Limbikani sanazitchulenso. Anapeza ntchito yoyendetsa lole, ndipo akakhala pa tchuthi ankadzuka m'mawa kukathandiza kukweza ziboda, popeza msana wa atate ake unali utayamba kukana. Tisa anakula akukwera Monze kupita kokatunga madzi. Nkhani ya maneti anaimva kwa agogo ake aakazi, osati kwa ine.

Ife tinasamukira ku Nangongwe Tisa atamaliza sukulu. ANabanda anatsogola kumwalira. Kenako maso a aMbewe anachita ng'ala, koma anakana kuchoka pa famu. Ankayenda ndi ndodo kutsatira mpanda mpaka ku khola, ndipo dzanja likangokhudza khosi ankatchula dzina la hatchiyo, n'kuuza wantchito kuti iyi sinamwe madzi okwanira. Ataona kuti mphamvu zatha, anayamba kupezera mahatchi malo, imodzi imodzi. Wogula aliyense ankamuuza kuti ayandikire hatchiyo, iwo n'kutchera khutu kuti amve mmene nyamayo ikupumira. Ena anawabweza ngakhale pamenepo.

Chaka chatha, yomaliza itapita, tinawatenga kudzakhala nafe. Tsiku lina masana ndinawapatsa madzi osamba m'manja, ndipo anagwira mkono wanga, chinthu chimene sanachitepo.

"Amake Tisa."

"Ine, atate."

"Maneti aja. Ndinalakwa."

Panali patapita zaka zoposa makumi awiri. Ndinati, "Zinapita, atate."

"Kwa inu mwina," anatero, n'kusiya mkono wanga. "Thirani madziwo."

Ndinathira. Ndinkafuna kuwauza kuti inenso ndinakhala chete masabata awiri, ndiponso kuti mawu amene ndinawalankhula pakhomo la khola sanali oyenera munthu amene anali atayamba kale kutambasula dzanja. Ndinaganiza kuti ndidzanena tsiku lina.

Loweruka lapitali ndinapita ku famu kukatenga makasu amene anatsala. Tauni yafika mpaka kumpanda tsopano. Kumene kunali msipu kuli njerwa za simenti zoyanikidwa m'mizere, za anthu amene akumanga mbali ina ya njanji. Khola likadalipo, koma zitseko zina anazula, ndipo malata awiri anapita ndi mphepo. M'kati mulibe fungo lililonse, ngakhale la ndowe. Pansi, m'chipinda chilichonse, pali maenje awiri osaya kutsogolo, pamene ziboda zinkaponda hatchi ikamadya. Mitanda ya m'zipata ndi yosalala, yodyeka pakati ndi mano. Chomwera cha simenti chang'aluka, ndipo mumng'alumo mwamera bonongwe. Kanjira kochokera ku nyumba yawo kupita ku khola sikanamere udzu mpaka pano, ngakhale mvula yagwapo kawiri popanda woyendamo. Ndili chiimire, sitima ya katundu inadutsa ikuliza hutala, mabogi ake ambirimbiri, ndipo m'khola monsemo munalibe chotukula mutu.